Kugula boti loyamba la matanga pagombe la Salima ndi Nkhotakota

Ambiri ofuna boti la matanga amayamba ndi kuona chithunzi pa Facebook, mtima n'kugwa pomwepo, ndalama n'kutuluka, kenaka ndi pomwe amadzifunsa kuti botilo lizigona kuti. Kuno ku Salima ndi Nkhotakota kachitidwe kameneka kamaluzitsa. Gombe lathu ndi lamchenga, madzi ake ndi osaya kwa mtunda wautali, ndipo layang'ana kum'mawa, komwe mafunde a Mwera amafikira ndi mphamvu zawo zonse. Madooko obisika ndi owerengeka. Choncho boti loyamba likhale lomwe mungathe kulikokera pamchenga nyanja ikakwiya.

Yambani ndi gombe

Pitani pamalo pomwe mukufuna kumasungira botilo, kaya ndi ku Senga Bay, ku Chipoka, kapena cha ku Nkhotakota. Tengani nsungwi yotalika mamita awiri, muilembe mizere pa masentimita 25 alionse, mulowe m'madzi mukuyeza. Mudzadabwa kuti m'malo ena mumayenda mtunda ndithu madzi akadali m'mawondo, kenaka mwatsika m'chiuno, kenaka mwakweranso pachitunda cha mchenga chomwe simumachiona muli kumtunda. Chitunda chimenecho ndicho chofunika kuchidziwa, chifukwa ndi pomwe mafunde amaswekera komanso ndi pomwe boti lozama limakakamira. Pafupi ndi mathiriro a mitsinje monga Linthipe ndi Bua zitundazi zimasuntha chaka ndi chaka, kutengera mchenga womwe madzi a dzinja abweretsa.

Kuyeza kamodzi sikokwanira. Kunyanja ya mchere, monga ku Beira, madzi amaphwa n'kubwerera kawiri patsiku. Yathuyi sichita zimenezo, koma imakwera ndi kutsika kamodzi pachaka, pafupifupi mita imodzi. Imadzaza cha mu April ndi May, n'kuphwa kwambiri cha mu November ndi December. Zaka zina imapyola pamenepo. Mu 2024 madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri a m'mphepete mwa nyanja, ndipo magombe ena anasoweratu. Ndiye funsani asodzi achikulire a pamalopo mafunso awiri: madzi akaphwa kwambiri amathera pati, ndipo akadzaza amafika pati. Musafunse mothamanga. Khalani nawo pansi, apatseni moni bwinobwino, muwauze kuti, "Bambo, ndine mlendo pa za m'madzi, mundithandize nzeru." Adzakuuzaninso pomwe pali miyala yobisika ndi pomwe mvuu zimakonda kutulukira, zinthu zomwe simungazipeze pamapu.

Mukatha apo, bwererani pamalopo tsiku la Mwera, pakati pa May ndi August, mukaime mukuonerera. Ngati mafunde akufika mpaka pomwe mumaganiza zoika botilo, sankhani malo ena kapena vomerani kuti lizigona kumtunda kwenikweni. Ku Nkhotakota kuli mwayi wa mchenga wa Sungu womwe umatchinga mbali ya dooko, n'chifukwa chake zombo za matanga za a Jumbe zinkakocheza kumeneko m'zaka za m'ma 1800. Komabe madzi ake ndi osaya, moti ngakhale sitima ya Ilala ikafikako imaima patali, anthu n'kumabwera kumtunda pa timaboti.

Kodi pansi pa botilo pali chiyani?

Boti la matanga limafuna chinachake pansi pake choti chiligwire m'madzi, apo ayi mphepo ikaomba chammbali limangotsetsereka chopingasa. Apa ndi pomwe maboti amasiyanirana, ndipo apa ndi pomwe muyenera kuikapo mtima kuposa pa utoto kapena mipando.

Maboti ambiri akuluakulu ali ndi keel, chitsulo cholemera chomwe chimamangidwa pansi osachoka, ndipo chimalowa m'madzi mita imodzi ndi theka kapena kuposa. Panyanja yakuya amayenda bwino kwambiri, koma kwa inu woyamba kumene pagombe lino, ayi. Boti lotere simungalikokere kumtunda. Liyenera kukhala pa nangula kutali ndi gombe chaka chonse, ndipo usiku womwe chingwe chidzaduke Mwera uli pakati, mudzalipeza litagona chammbali pachitunda chija, mafunde akulimenyetsa pansi mpaka kung'ambika.

Pali ena a ma keel awiri aafupi, omwe anapangidwira magombe a ku Britain komwe madzi akaphwa boti limatsala litakhala pamatope osagwa. Westerly Centaur ndi limodzi mwa iwo, lotalika pafupifupi mamita 8 koma lolowa m'madzi osakwana mita. Amakwanitsa madzi osaya, koma ndi olemera matani angapo, ndiye kuwatulutsa m'madzi kumafuna thirakitala ndi ngolo yolimba.

Lomwe ndingakulangizeni ndi la centreboard. Ili ndi thabwa kapena chitsulo chopyapyala chomwe mumachitsitsa mukafika pakuya, n'kuchikweza mukamayandikira gombe. Chikakwera, boti limayandama ngakhale m'madzi ofika m'mawondo. Chabwino koposa ndi chomwe chimapindikira kumbuyo chokha chikagunda mchenga, kusiyana ndi chongotsika choongoka m'kabokosi, chomwe chikagunda pansi boti likuthamanga chimatha kuswa kabokosiko. Tsigiro, chowongolera boti cha kumbuyo, nalonso likhale lokwera lokha likagunda pansi. Anthu amaiwala tsigiro, koma ndilo limathyoka kawirikawiri pofika pagombe.

Chinanso: madzi opanda mchere sanyamula chinthu ngati a mchere. Boti lochokera ku Durban kapena ku Cape Town lidzamira pang'ono kuposa momwe mwini wake akunenera. Kusiyanako ndi kochepa, koma onjezanipo masentimita angapo pa nambala yomwe wakupatsani.

Kukula kwake ndi mtundu wake

Dzifunseni moona mtima kuti muzikwera ndi ndani. Ngati ndinu achinyamata awiri ofuna liwiro, osaopa kunyowa, maboti a matupi awiri monga Hobie 16 ndi Dart 18 anapangidwira magombe ngati lathuli. Alibe centreboard, amakwera pamchenga mosavuta, ndipo Hobie 16 imalemera makilogalamu osafika 150, moti anthu anayi amainyamula. Maboti a mtundu umenewu ndi omwe amapikisana pa mpikisano wa matanga wa pa nyanja ya Malawi womwe umachitika nyengo ya Mwera, choncho akale amapezeka m'dziko muno, pamodzi ndi anthu odziwa kuwakonza. Vuto lake ndi lakuti amagubuduzika msanga woyendetsa akalakwitsa, ndipo kuwadzutsa kumafuna kuphunzira. Mulibenso poika katundu kapena pobisala dzuwa.

Ngati mukufuna kutenga banja, kukaona chilumba cha Namalenje kapena kupita ku zilumba za Maleri n'kubwerako madzulo, funani boti la thupi limodzi, lotalika pakati pa mamita 4.5 ndi 6, lotakata bwino, la centreboard. Wayfarer ndi Drascombe Lugger ndi zitsanzo za mtundu womwe ndikunena, ngakhale dzina si lofunika kwenikweni. Chofunika ndi chakuti likhale ndi zipinda za mpweya zotsekeka mkati mwake zoti likadzaza madzi lisamire, komanso thanga lake likhale lotheka kulichepetsa mphepo ikakula.

La kanyumba kogonamo ndi lokopa, ndikudziwa. Koma mita iliyonse yowonjezera imabwera ndi matanga aakulu, zingwe zazikulu, ngolo yaikulu ndi anthu ambiri okankha. Boti lofuna amuna khumi kuti lilowe m'madzi limatha miyezi lili pamchenga, pomwe laling'ono limatuluka Loweruka lililonse. Ngati mwalimbikira la kanyumba, lisapitirire mamita 6.5, ndipo mlongoti wake ukhale wogoneka ndi anthu awiri. Izi zidzakuthandizani ponyamula pamsewu, ndiponso ngati mungadzafune kulowa m'dziwe la Chia, chifukwa msewu wa M5 umadutsa pamlatho pakhwawa lolumikiza Chia ndi nyanja.

Pa nkhani ya chopangira, la faibala ndilo losavuta kusamala. La matabwa amisiri a m'madooko athu amalidziwa ndipo angalikonze ndi zipangizo zapafupi, koma madzi opanda mchere, makamaka a mvula akamakhalitsa mkati, amawoletsa thabwa msanga. Lachitsulo lisiyeni.

Tsiku lokaliona

Musapite nokha. Tengani munthu yemwe anayendetsapo boti la matanga, ndipo ngati n'kotheka mmisiri wa maboti. Mulipireni tsiku lakelo, ndalama imeneyo siiwawa. Pitani m'mawa dzuwa likuwala, ndipo pemphani kuti botilo likhale kumtunda, louma, osati m'madzi.

Yambani pansi. Gwadani muyang'ane mimba yonse ya botilo. Boti lomwe lakhala likukokedwa pamchenga limaperepeseka chapakati, utoto n'kutha mpaka ulusi wa faibala kuonekera. Zimenezo zimakonzeka, bola musapeze ming'alu. Tengani kahamala kakang'ono kapena chigwiriro cha sikuludiraiva, mugogode pang'onopang'ono paliponse. Pabwino pamalira mwakuthwa, pomwe palowa madzi kapena pamatuka pamalira ngati mukugogoda dzungu lowola. Yang'ananinso timatuza pakhungu la botilo. Mukaboola kamodzi n'kutuluka timadzi tonunkha ngati viniga, ndiye kuti madzi analowa mu faibala. Tiwiri titatu si nkhani, koma tikadzaza mimba yonse, mtengo utsike kwambiri kapena mubwerere.

Kenaka kwerani pamwamba, mupondeponde opanda nsapato. Pomwe pakubonyoka kapena kulira, ndiye kuti mkati mwafooka. Pa Hobie yakale malo oyamba kufewa ndi pamwamba pa matupi aja, kutsogolo kwa mtanda wakutsogolo, ndiye dinikizani pamenepo ndi chikhatho mwamphamvu. Tsegulani timabowo totulutsira madzi kumbuyo, mutukule mphuno ya boti. Pakatuluka madzi ambiri, funsani kuti alowera pati.

Bokosi la centreboard liyang'aneni mofatsa, chifukwa m'maboti a madzi osaya ndi pomwe matenda ambiri amabisala. Onani m'makona momwe lalumikizana ndi pansi pa boti ngati muli ming'alu kapena zomatamata zatsopano. Kwezani ndi kutsitsa thabwalo kangapo. Lisalimbe, lisagwederenso. Bawuti yomwe limazungulirapo ionedwe ngati siinadyeke. Gwirani tsigiro muligwedeze uku ndi uku, ndipo zitsulo zomwe lakoloweka zisasunthe pathupi la boti.

Mlongoti augoneke pansi, muuyang'ane kuchokera kumapeto ngati uli woongoka. Pomwe zitsulo zosiyana zakumana pamatuluka ufa woyera, chizindikiro choti aluminiyamu akudyeka. Mawaya ogwira mlongoti musawapitse m'dzanja lopanda kanthu. Kulungani kansalu, mupititse pawaya yense, ndipo kakakodwa penapake ndiye kuti kawaya kamodzi kaduka, wayayo ndi wofunika kusintha. Mawayawa ndi osachita dzimbiri, ndipo kawirikawiri amachita kuitanitsidwa kunja, choncho werengerani mtengo wake.

Matanga ndi omwe amadya ndalama zambiri pambuyo pa thupi la boti. Dzuwa lathu limawapsereza. Ayaleni onse paudzu. Nsalu yabwino imakhala yolimba, yolira mukaipinda, pomwe yotha imafewa ngati chitenje chakale ndipo siigwiranso mphepo moyenera. Kandani msoko ndi chikhadabo: ulusi ukamaduka, ndiye kuti msoko wonse wapsa. Telala wa matenti angasokenso msoko ndi ulusi wolimba, koma nsalu yopsa ilibe mankhwala. Funsani mwini wake kuti, "Achimwene, matangawa mumasunga kuti?" Akakulozerani mlongoti, dziwani kuti akhala padzuwa nthawi yonseyi.

Ngati pali injini, iyatsidwe ili yozizira inu mukuona, ndipo madzi oziziritsa atuluke kumbuyo mwamphamvu. Boti la mamita 5 kapena 6 silifuna injini yaikulu, ya mahatchi 4 mpaka 6 ndi yokwana. Sankhani mtundu womwe asodzi a pagombe lanu amagwiritsa ntchito, monga Yamaha, kuti makaniko ndi zipangizo zisamavute. Ngolo yonyamulira nayo ndi mbali ya malonda. Tukulani tayala lililonse, mulizungulitse mukumvetsera. Ngolo zolowa m'madzi zimatha mabering'i, ndipo kuthyokera panjira pakati pa Lilongwe ndi Salima boti lili kumbuyo ndi chinthu chomwe simungachifune.

Zonse zikaoneka bwino, liloweni m'madzi. Wogulitsa wokana kuti muliyese ali ndi chomwe akubisa. Yendani ola lathunthu, mwini wake akuyendetsa poyamba, kenaka inu. Onani ngati likutha kulowera komwe mphepo ikuchokera, ngati likutembenuka osakakamira, komanso ngati madzi akulowa. Likakhala laling'ono, pemphani kuti muligubuduze dala pamadzi ofika m'chifuwa, muone ngati likuyandama ndiponso ngati anthu awiri angalidzutse. Pobwerera kwezani centreboard, mulikokere kumtunda ndi anthu omwe mudzakhale nawo masiku onse. Mukalephera kulikoka tsiku limenelo, musaganize kuti mudzatha mawa.

Ndalama ndi mapepala

Musathere ndalama zonse pa mtengo wa boti. Ine ndimati siyani gawo limodzi mwa magawo atatu la zomwe muli nazo, chifukwa boti lakale lililonse limafuna zingwe zatsopano, nangula, majekete oyandamitsa ndi zokonzakonza m'chaka choyamba. Musatumize ndalama pafoni kwa munthu yemwe boti lake simunaligwire ndi manja. Lemberanani kalata ya malonda yotchula boti, nambala yolembedwa pathupi lake ngati ilipo, nambala ya injini, ngolo, matanga angati, ndi mtengo, pakhale mboni mbali zonse ziwiri. Ngati botilo ndi la malo ogona alendo kapena la bungwe, tsimikizani kuti amene akugulitsayo ali ndi chilolezo cha eni ake.

Maboti oyenda panyanja ya Malawi amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, yomwe ili ndi maofesi ku Monkey Bay. Afunseni musanagule zomwe zikufunika pa boti la kukula kotero, makamaka ngati mukuganiza zodzanyamula alendo molipiritsa, chifukwa pamenepo malamulo amakhwima. Logula kunja, monga ku South Africa komwe maboti akale a ngolo ndi ambiri, limalipira msonkho ku MRA, ndiye funsani mtengo wa msonkho ndi wa mayendedwe musanagwirizane ndi wogulitsa. Kawirikawiri boti lomwe lili kale m'dziko muno, ngakhale likuoneka lodula, limatuluka lotsika mukaphatikiza zonse.

Musanalilowetse m'madzi koyamba

Kaonaneni ndi a mfumu a pamalopo komanso komiti ya pagombe. Gombe lomwe mukuliona ngati lopanda mwini ndi pomwe anthu amakokera makoka, kuyanika usipa ndi kukocheza mabwato awo. Pemphani malo, mugwirizane ndi mlonda wa m'mudzi momwemo. Injini, matanga ndi tsigiro zizigona m'nyumba. Boti lizikhala pa matayala akale kapena pa ngolo, mphuno itakwera kuti madzi a mvula azituluka, litafundidwa lona, ndiponso litamangidwa pansi, chifukwa mphepo yamkuntho imatha kunyamula boti lopepuka lili kumtunda.

Jekete yoyandamitsa ikhale ya munthu aliyense, yomukwana, ndipo azivala asanakwere. Ana asakwere opanda yawoyawo. Nangula akhale wa mapiko otambalala ogwira mumchenga, wokhala ndi tcheni cha mamita angapo kenaka chingwe. Poponya, chingwe chitalike kasanu kapena kuposa kuya kwa madziwo, apo ayi nangula amangokwekwereka. Onjezani nkhafi ziwiri, chidebe chokapira madzi chomangirira kuboti, mpeni, tochi, madzi akumwa, ndi foni m'kathumba kosalowa madzi.

Nthawi yabwino yophunzira ndi Mwera ukatha, cha mu September mpaka November. Mugule botilo miyezi ingapo isanafike nthawiyi kuti zokonza zithe. Nyengo ya mvula imabwera ndi Mpoto komanso mikuntho yadzidzidzi ya ziphaliwali, ndipo mlongoti wachitsulo pakati pa nyanja si malo okhalapo kukamagunda. Mwera weniweniwo musauyese m'chaka choyamba. Nyanja iyi inamiza sitima ya Vipya mu July 1946, anthu oposa 140 n'kutha, ndipo inali sitima yachitsulo yoyendetsedwa ndi odziwa ntchito. Mvetserani machenjezo a nthambi yoona za nyengo pawailesi, ndipo mukaona asodzi akokera mabwato awo kumtunda, inunso musatuluke.

Maulendo oyamba akhale otsata gombe, molowera komwe mphepo ikuchokera, kuti mukatopa kapena china chikathyoka mphepo yomweyo ikubwezereni kwanu. Uzani wina kumtunda komwe mukupita ndi nthawi yobwerera. Chenjerani ndi matchera: mukaona timabotolo kapena tizidutswa ta thovu tikuyandama pamzere, pansi pake pali ukonde wa munthu. Zungulirani kumapeto kwake, kapena kwezani centreboard ndi tsigiro mudutse pang'onopang'ono, ndipo mukaung'amba kafunefuneni mwini wake mulipire. Pewani mabango ndi mathiriro a mitsinje komwe kuli ng'ona, mvuu ndi likodzo. Ku Mbenji musangofikako ngati pachilumba wamba, kuli malamulo a mfumu yaikulu Makanjira, ndipo chimatsekedwa nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane.

Pofika pagombe mafunde ali kumbuyo kwanu, tsitsani thanga lalikulu mukadali pakuya, mulowe ndi laling'ono lakutsogolo kapena ndi nkhafi. Kwezani centreboard musanafike pachitunda chija munayeza ndi nsungwi, masulani tsigiro kuti likwere, ndipo boti likangogunda mchenga onse atsikire mbali yomwe mafunde akuchokera, osati mbali ya kumtunda komwe boti lingawagwere. Likokeni msanga lisanatembenuke chopingasa. Yesezani zimenezi kangapo tsiku labata, mpaka aliyense adziwe chingwe chake ndi mbali yake yotsikira.